Mtsuko Wothirira Mtengo wa Velayudhan

Khasu lili m'mwamba, Bhargavi anagwira mpini ndi manja onse awiri.

"Tsitsa, Raghava."

"Alamu, ndisiyeni ndiswe chinthuchi chisanatisamutse tonse."

"Ndati tsitsa. Dzanja lakolo ndimalidziwa, linazolowera kung'amba matikiti. Uphonya mtsuko, utema mtengo, ndipo ukatema mtengo watema mkulu wako. Pita ukamwe tiyi kwanu."

Raghavan anali mng'ono wake wa Velayudhan, malemu mwamuna wa Bhargavi. Anagwira ukondakitala m'mabasi mpaka kupuma, ndipo mpaka lero amalankhula ndi munthu aliyense ngati wakwera osalipira. Anakoka khasu, mayiyo sanasiye. Anakokanso. Pampanda panali patadzaza kale mitu ya anthu, ndiye anaona kuti kulimbirana khasu ndi mkazi wamasiye pamaso pa mudzi wonse n'kudzivula yekha. Anasiya mpini, napukuta manja pansalu yake.

"Boma likadzatenga minda yathu, mudzatidyetsa ndinu."

"Likadzabwera lidzandipeza pano. Khasuli latsala, ndili ndi ntchito nalo."

Chimene ankakanganira chinali theka la mtsuko wakale, lokwiriridwa mumchenga pambali pa kamtengo ka kokonati kosafika m'chiuno. Nkhani yake inayamba pa maliro.

Velayudhan atamwalira, mvula itangotha kumene, anachita naye monga timachitira ndi aliyense m'mudzi mwathu muno mwa Manalkara. Anagwetsa mtengo wa mango wa pakhomo kuti ukhale nkhuni, nakumba dzenje kummwera kwa nyumba poti amutenthere. Akukumba, fosholo inalira. Anatulutsa mtsuko wautali, wothyoka pakati, wokhuthala kuposa ya kwathu kuno. Kumtunda kunali khosi lopapatiza ndi makutu awiri. Kunsi kunali kosongoka ngati nyanga ya ng'ombe, moti ukauimika pansi umangogwa.

Mapale si chinthu chachilendo ku Manalkara. Khasu likalowa pansi limatuluka nawo, ndipo mvula ikagwa ana amatola mikanda m'njira. Kale palibe ankasamala. Koma kutsidya kwa mtsinje kutafika anthu ofukula zakale, kunamveka kuti dera lonseli linali doko kumene zombo za Aroma zinkadzagula tsabola. Kenako kunamveka zina: kuti pamene papezeka mapale boma litchinga waya, chitsime osakumba, nyumba osamanga, mwinanso kusamuka. Amene anaona wayayo ndi maso panalibe. Aliyense anangomva kwa msuweni wa mnzake. Komabe eni minda anapanga bungwe, Raghavan wapampando, ndipo lamulo linali limodzi: phale likatuluka, m'thumba, mumtsinje, pakamwa tseke.

Choncho pa tsiku la maliro Raghavan ananyamula khosi la mtsuko lija, nakaliponya m'madzi mtembo wa mkulu wake usanatuluke n'komwe m'nyumba. Theka lakunsi analikankhira pansi pa nthochi kuti adzalitaye mawa, n'kuliiwala.

Mafupa atatoledwa, pa malo a moto anadzalapo kokonati, monga mwa mwambo. Mwana wawo Sudheer anathira madzi oyamba, nakwera ndege kubwerera ku ntchito yake ku Dubai. Kenako dzuwa linayamba. Mchenga wa ku Manalkara mumaudziwa: uthire ndowa yonse, ukatembenuka pauma. Masamba a kamtengo anayamba kufiira kunsonga. Njira yake ndi yakale: umakwirira mtsuko woboola pambali pa mtengo, pabowo n'kutsekapo kansanza, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono kumizu. Bhargavi anali ndi mitsuko iwiri yokha, yonse ili pa ntchito. Akusesa pansi pa nthochi anapunthwa pa chimtsuko chija. Anachitembenuza, naona kamng'alu pafupi ndi nsonga. Anakumba, nachizika, ndipo chinaima chilili mumchenga ngati kwawo. Anaika kansanza, nathira madzi, navundikira ndi chikamba cha kokonati. Posakhalitsa kamtengo kanabiriwiranso.

M'mawa uliwonse ankadzaza mtsukowo, madzulo n'kuyatsa nyale pambali pake. Sankalira pamenepo. Ankangomuuza malemu mwamuna wake za tsikulo: mtengo wa nsomba, denga lodontha, ng'ombe ya a Mariamma a nyumba yoyandikana imene yadyanso chinangwa.

Tsiku lina masana kunafika mtsikana wa ambulera yakuda, mpango kumutu, nsapato zodzaza fumbi. Anati dzina lake ndi Rukhiya, ndi mmodzi wa ofukula zakale aja, ndipo wayenda mudzi wonse kufunsa za mapale.

"Akuuza chiyani?" anafunsa Bhargavi.

"Akuti chibadwire sanaonepo phale. Bambo wina wanena zimenezo ataponda phale."

"Ameneyo ndi Kunjappan. Khala apo, mole, mwana wanga, ndikupatse madzi."

Akudikira madzi, mtsikanayo anayang'ana kummwera. Anaimirira, nayenda ngati wogwidwa ndi tulo, nagwada mumchenga. Anachotsa chivundikiro, nasisita mkati ndi chala.

"Amma, mtsuko uwu munautenga kuti?"

"Unabwera wokha pa maliro a bambo akunyumba kuno."

"Uwu si wa kuno. Unawoloka nyanja kuchokera kwa Aroma, zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo. Chakudachi ndi phula lomwe ankamata mkati. Munali vinyo."

"Vinyo?" Bhargavi anaseka koyamba chichitikire maliro. "Ndiye wapeza mwini wake. Velayudhan sankadutsa pogulitsa uchema osalowa kukapereka moni."

"Kusongokaku n'kwakuti aziuzika mumchenga pansi pa chombo, usagwe ndi mafunde."

"Ndiye kuti ndauika bwino."

"Nanga kumtunda kwake? Pa khutu nthawi zina pamakhala chidindo cha woumba. Chimenecho chikanatiuza mzinda umene unachokera."

"Kafunse nsomba."

Rukhiya anapempha kuutenga. Bhargavi anati ayi, uli pa ntchito. Mtsikanayo anaujambula ndi foni, namwa madzi ake, napita. Asanafike n'komwe pa doko la bwato, nkhani inali itafika kale kwa Raghavan, ndipo ndi mmene linabwerera khasu lija.

Bungwe linakumana pa sitolo ya tiyi. Kumenya mkazi wamasiye sakanatha, kumuthamangitsa sakanatha, ndiye anasankha chimene chimapweteka mwakachetechete. Anauza Kunjappan, wokwera mitengo ya kokonati wa mudzi wonse, kuti pakhomo pa Bhargavi asapondepo.

Amene alibe mitengo angaone ngati n'zochepa. Koma Bhargavi ankadya za m'mwamba. Mafuta ophikira, ndalama ya mpunga, makoko osonkhera moto, masamba ofolera khola, zonse zinali kumeneko, ndipo kopanda wokwera zinali kutali ngati mwezi. Makokonati anayamba kuuma, n'kumagwa okha nthawi imene afuna. Limodzi linaswa matailosi a denga. Lina linagwa pafupi ndi kamtengo ka Velayudhan, kunangotsala dzanja limodzi lokha kuti likathyole.

Anakumana ndi Kunjappan panjira, chikwanje m'chiuno.

"Kunjappa, mapazi akowa aiwala njira ya kwathu?"

"Chechi, achemwali anga, musandida. Ndikakwera kwa inu, kwina konse anditsekera. Ndili ndi ana."

"Ana ako ndinawasambitsa ndine atabadwa. Chabwino, pita. Usagwe."

Sudheer anaimba foni kuchokera ku Dubai. Bambo ake aang'ono a bungwe aja anali atamufikira kale.

"Amma, ndi dothi chabe. Apatseni aswe, mugule ndowa ya pulasitiki. Mukangana ndi mudzi wonse chifukwa cha phale?"

"Lero ndiswe mtsuko chifukwa Raghavan waopa. Mawa akabwera enawo n'kuti ndizule mtengo, ndizulenso chifukwa ndaopa? Ndiye pakhomo pano mwini wake ndi ndani? Thalauza lako labuluu lija unasiya kuti?"

"Thalauza? La chiyani?"

"Dula foni, ukuwononga ndalama."

Gulu la amayi la kutsidya linali ndi zitsulo zokwerera mitengo, zija zomangirira pa thunthu, phazi uku phazi uku, munthu n'kumakwera ngati pa makwerero. Atsikana ena anaphunzira, koma kwathu kuno mkazi pamtengo wa kokonati chinali chinthu chosamveka, makamaka wa imvi, makamakanso wamasiye wovala zoyera. Bhargavi anawoloka ndi bwato, nabwereka chitsulo, naphunzira pa kamtengo kafupi kuseri kwa sukulu. Anagwa, nadzuka, nakwiranso. Anabwera nacho kunyumba atasenza pamutu, akudutsa dala pa sitolo ya tiyi.

M'mawa mwake, anthu akupita kumsika, anamva chiphokoso cha phava la kokonati likugwa. Atayang'ana m'mwamba anaona thalauza labuluu.

"Mayo ine! Ndi Bhargavi!" anakuwa a Mariamma, dengu la nsomba lili pamutu. "Tsika, wamisala iwe! Ufuna tidulenso mango wina?"

"Mango watha, a Mariamma. N'chifukwa chake sindigwa."

Nyerere zofiira zinali zitamulowa m'khosi. Pansi sanayang'ane mpaka atamva mawu a mlamu wake.

"Alamu! Mwatichititsa manyazi banja lonse! Mkulu wanga akanakhala moyo..."

"Akanakhala moyo bwenzi ali pansipo akundigwirira chingwe, ataledzera. Choka pamenepo, Raghava, phava ili silidziwa wapampando."

Raghavan analumpha, phava linagwa pamene anaima. Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko sanamukhululukire.

Atatsika, manja anali atasupuka. Anakhala pansi pambali pa kamtengo, nathira madzi mumtsuko. "Waona?" anatero. "Zaka zonse zija unkati kukwera n'kovuta."

Ofukula anabwera dzuwa litafika poipa. Anali Rukhiya, anyamata onyamula zingwe ndi zikhomo, ndi mkulu wawo, a Nambiar, bambo wa tsitsi loyera, wolankhula motsitsa. Anavula nsapato polowa pabwalo, nalandira tiyi ndi manja awiri. Mudzi wonse unali pampanda, Raghavan patsogolo, manja atapinda pachifuwa.

A Nambiar anayang'ana mtsuko nthawi yaitali. Kenako anafotokoza bwinobwino, mosanyenga. Mtsuko wokha, anati, umanena zochepa. Chofunika ndi pamene unagona: dothi lake, zimene zili pansi pake, zimene zili pambali. Mwina pamenepo panali nyumba yosungiramo katundu, mwina doko lenilenilo. Ankafuna kukumba pomwe unatuluka.

"Pomwe unatuluka ndi pamene pali mtengopo," anatero Bhargavi.

"Tiuzula mosamala ndi dothi lake, Amma, tikaudzale pena. Kokonati wamng'ono amapirira."

Mnyamata mmodzi, pofuna kuoneka wachangu, anali atakhoma kale chikhomo pafupi ndi nyale.

"Mwamva?" Raghavan anatembenukira anthu. "Ndinanena ine! Lero mtengo, mawa nyumba, mkuja mudzi wonse. Alamu, si izi munkafuna?"

Apa Bhargavi kwa kanthawi anaona ngati mlamu wakeyo ananena zoona. Anayang'ana kumpanda: nkhope zonse zinali kudikira kuti alire. Anayang'ana alendo: anali aulemu, koma chingwe chinali m'manja. Anaika kapu pansi, napita, nazula chikhomo chija, nachipereka kwa mnyamatayo.

"Sunga, mwana wanga. Ukachikhomanso apa ndichisonkhera moto." Kenako anatembenukira a Nambiar. "Bwana, mwadzala mitengo ingati pa anthu anu?"

Bamboyo anayankha kuti, "Umodzi. Wa mayi anga."

"Munausuntha?"

"Ayi. Koma Amma, ndikuuzeni zoona, zinthu zakale zotere lamulo limati si za munthu mmodzi."

"Sindikukana. Si wanga, si wa Velayudhan, mwini wake anafa kalekale ataumwa. Mudzautenga. Koma ndifunseko: mu Manalkara monse muno, ndi mageti angati akutsegulirani?"

Rukhiya anayang'ana pansi kubisa kumwetulira.

"Lanu lokha," anatero a Nambiar.

"Langa lokha. Awo ali pampandawo anadzaza mtsinje ndi mapale, moti bwato limakhula pansi. Mukazula mtengo uwu iwo akuona, simudzaonanso phale m'mudzi muno mpaka imfa yanu. Ndiye mverani. Kumpoto kwa nyumba kuli munda wanga wa chinangwa ndi nthochi. Kumbani kumeneko mmene mungafunire, mapale ake amandithyolera makasu chaka ndi chaka. Mvula isanagwe mukwirire, dothi lakuda pamwamba, osati mchenga. Kummwera kuno simuponda ndi fosholo. Mtsuko mudzatenga tsiku limene mvula idzayambe, chifukwa lero uli ndi ntchito."

"Madzi mukuthiramowo akuchotsa zotsalira za mkati," anadandaula a Nambiar. "Tikanakupatsani wina lero lomwe."

"Kuufukula pano n'kudula mizu, yaukulunga kale. Palani phula lanulo pang'ono mupite nalo. Wadikira zaka zikwi ziwiri, sungalephere kudikira mvula."

A Nambiar anagwedeza mutu movomera, koma osati mokondwa. Chimene ankafuna chinali pansi pa mtengo, ndipo mpaka lero chili pomwepo. Koma anauza anyamata kuti anyamule zingwe apite kumpoto.

"Mwagulitsa mudzi!" anakuwa Raghavan.

"Ndabwereketsa chinangwa changa. Iwe unataya khutu la mtsuko mkulu wako ali chigonere m'nyumba, osasamba n'komwe m'manja. Usandiphunzitse kusunga zinthu."

Anakumba chilimwe chonse. Chinangwa chinapita chisanakhwime, nthochi zinagwa, ndipo chaka chimenecho Bhargavi anagula zimene ankalima yekha. Pa chikondwerero cha kukachisi palibe anamuitana kudzathandiza kuphika, iye amene ankakonza ndiwo za mudzi wonse. Zinamupweteka, tisanamizane. Tsiku limenelo anakwera mtengo wautali kuposa yonse, nakhala m'mwamba mpaka ng'oma zitasiya.

M'dzenje la kumpoto munatuluka mapale osawerengeka, mikanda, misomali, njerwa za khoma, ndi timbewu takuda timene Rukhiya anabwera nato pachikhatho akuthamanga.

"Amma, tsabola! Wa nthawi imeneyo!"

Bhargavi ananunkhiza. "Wasuluka. Anawabera Aromawo."

Ana a sukulu ankabwera kudzasuzumira, makolo awo akuwakalipira kuchokera kumsewu. Ena mwa makolowo ankachedwa pampanda kuposa mmene kukalipa kumafunira. Tsiku lina a Mariamma anadutsa ndi dengu la nsomba, naika kanthu pakhonde, napitirira osayang'ana m'mbuyo. Linali khutu la mtsuko wina, lokulungidwa m'tsamba la nthochi.

Mitambo itayamba kusonkhana kunyanja, anyamata anakwirira dzenje, Bhargavi ataima pamwamba pawo kuonetsetsa kuti dothi lakuda labwera pomaliza. Mvula inafika masana, ndi mphepo yake ija yogwetsa masamba ouma. Rukhiya anabwera atanyowa, ambulera itatembenuzika. Anapeza mayiyo atagwada kale kummwera, akufukula ndi manja, akumasula mizu umodziumodzi pa mtsuko. Khasu sanalole. Atautulutsa anautsuka ndi madzi a mvula, naupereka.

"Gwira bwino, mole, sukhazikika. Ndipo kumene mukauikeko, musakauike pafupi ndi anthu a ludzu."

Pa dzenje lotsala anathirapo manyowa ndi phulusa, natsendera ndi phazi. Kamtengo kanali katatulutsa tsamba latsopano, loyamba kugawanika ngati la mtengo waukulu.

Waya sanabwere. Bungwe linati sanabwere chifukwa boma linaopa bungwe, ndipo Raghavan akunenabe zimenezo pa sitolo ya tiyi. Kupepesa palibe anapepesa. Kunjappan yekha ndiye anafika m'mawa wina, akukanda kumutu, nati mitengo ija yatalika, mwina Chechi afuna wothandiza.

"Wokwera ndili naye," anatero Bhargavi, akumanga thalauza. "Koma ngati ufuna ntchito, tola amene ndigwetse."

Mtengo wa Velayudhan ulipo, wayamba kubereka, ndipo madzi ake ndi okoma. Theka la mtsuko lili mu galasi m'nyumba yosungiramo zakale kutauni, lopanda khosi, lopanda dzina la kwawo, chifukwa chidindo chake chili m'matope pamodzi ndi matumba onse aja. Bhargavi anapulumutsa theka, ndipo theka ndi theka basi. Inu khasu lanu likadzalira pa chinthu, musadzathamangire kumtsinje, musadzagwadirenso aliyense wobwera ndi chingwe. Imani pa munda wanu, munene mawu anu, ndipo chonde mudzachite bwino kuposa pamenepa: mudzasunge ndi khosi lomwe.